Galasi la Pakati pa Bwana ndi Bambo Anga

Bambo anga anayendetsa mzungu mmodzi zaka zoposa makumi awiri, ndipo malipiro awo opumira ntchito anali galimoto imene inatsala pang'ono kugwetsa geti langa tsiku limene inalowa. Ufulu wa Zimbabwe unali udakali wakhanda. Ine ndinali nditakwatiwa kale, ndikukhala ku Sizinda, mumzinda wa Bulawayo, m'nyumba ya anthu a njanji, chifukwa amuna anga, Mchewa wa ku Chipata, ankagwira ntchito yolumikiza mabogi a sitima. Ineyo ndinkasoka makolala a malaya pa fakitale ina ku Belmont. Amayi anali atatisiya kale. Mzungu uja atalongedza kuti abwerere ku Mangalande kwa mwana wake wamkazi, bambo anatuluka m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake ya ku Hillside ndi sutikesi imodzi, jekete la ntchito, chifuwa chawo chosatha chija, ndi chigalimoto chakuda chotalika kuposa chipinda changa chochezera.

Anthu a mumsewu wathu anatuluka onse. Ana ankadziyang'anira m'zitseko zake, ndipo mayi wa Chindebele woyandikana nane anagwira pakamwa n'kufuula pa mpanda kuti, "Hawu, makhelwane, kanti ubaba wakho nguminisita?" Ankafunsa ngati bambo anga ndi nduna ya boma. Ndinaseka nawo, koma ndinali nditakwiya. Munthu wakupatsa msana wake, maso ake, unyamata wake wonse, iwe n'kumusiyira chitsulo chomwa petulo ngati chidakwa? Tsiku lomwelo ndinawafunsa bambo kuti penshoni ili kuti. Anandilozera panja ndi chibwano.

Anatifotokozera kuti bwana anawapatsa makiyi ndi mapepala pa khonde, n'kuwagwira chanza, chinthu chimene anali asanachitepo. "Lo moto yena ka wena manje, madala. Basopa yena mushe." Ndiye kuti galimotoyi ndi yako tsopano, uisamale bwino. Kenaka anawonjezera m'Chingerezi kuti asasinthe kanthu m'katimo, ngakhale kamsomali, aisunge momwe iliri. Bambo ankanena zimenezi akuseka chapansipansi. "Munthu wakwera kale ndege, koma akufuna azilamulabe ali m'mitambo." Tonse tinamva mawu aja ngati lamulo lomaliza la bwana, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti mwina unali uphungu. Nkhalamba ijanso, Mulungu aikhululukire, sinaone chifukwa chofotokozera dalaivala wake kuti chimene ikumupatsacho n'chiyani.

Galimotoyo kunja inali yokongola, koma nkhani yake yeniyeni inali m'kati, kumbuyo. Dona wa bwanayo, amene anali atamwalira kalekale, ndiye anaiitanitsa ku fakitale ya ku Mangalande, n'kulamula amisiri kuti aikemo zinthu zimene zinzake za mtundu womwewo zinalibe. Kutsogolo, kwa dalaivala, mpando unali wachikopa cholimba, chotentha ngati chiwaya mwezi wa Okutobala. Kumbuyo unali wansalu yaubweya, yofewa, yotuwira ngati nkhunda. Munali timipando tiwiri topinda tobisala pansi, timatebulo tamatabwa amawangamawanga, makatani, ndi kakabati ka mabotolo kokhala ndi timatambula take, kalikonse m'kadzenje kake kuti tisagundane. Mphepo yozizira inkatulukira kumbuyo kokha. Anaikamonso thanki yachiwiri ya petulo, poti dona ankaopa kugona m'tchire pa msewu wopita ku mathithi.

Ndiye panali galasi. Pakati pa mpando wa dalaivala ndi anthu akumbuyo panali kakhoma kamatabwa, ndipo m'kakhomamo munkatuluka galasi lochindikala, lokhota pang'ono, limene linkakwera lokha mpaka kudenga munthu akadina batani. Batani lake linali limodzi, ndipo linali kumbuyo. Bambo ankati likamakwera silinkachita phokoso, ankangomva kuti dziko lazima kumsana kwawo. Akasuzumira pa kalilole ankaona milomo ikuyenda, mano akuseka, koma mawu ayi. Linkakwera bwana akafuna kukamba za malonda ake, linkakweranso nthawi ya nkhondo akamakamba za ife anthu akuda. Koma chimene chinkawapweteka bambo chinali china. "Ndikangotsokomola kamodzi," ankatero, "dona chala pa batani." Choncho anaphunzira kumeza chifuwa kuchokera ku Hillside mpaka m'tauni, misozi ili lengelenge, manja ali pa chiwongolero.

Sabata yoyamba ija ndinalowa kumbuyo kuti ndimveko m'mene amamvera madona. Bambo anali kutsogolo akupukuta fumbi. Mwachibwana ndinadina batani, galasi n'kuyamba kukwera, ndipo ndinaona khosi lawo likuuma, mapewa akuwongoka okha ngati munthu waitanidwa. Pa kalilole milomo yawo inanena mawu amodzi amene sindinawamve koma ndinawawerenga: tsitsa. Ndinatsitsa, ndinatuluka, ndipo sindinakhalenso pa mpando umenewo uli m'galimoto. Ndinadana nalo galasi limenelo kuyambira tsiku lomwelo.

Bambo anali ndi nkhani imodzi yokha m'mutu, kubwerera ku Dedza. Anachokako ali mnyamata, wapansi, kudutsa ku Tete, ndipo anali atapitako kamodzi kokha ine ndisanabadwe. Kumudzi ankawatcha kale mtchona, ndipo iwo ankadziwa. Ankakonda kunena kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Sankafuna zambiri ayi, koma kanyumba kamalata pafupi ndi mlongo wawo, amene anali adakali moyo, ndi kukagona m'manda a makolo awo, osati m'manda a kuno ku Luveve pakati pa anthu osadziwa mfunda wawo. Koma mtchona sabwerera manja lende. Munthu amene wamira zaka makumi anayi akatulukira ndi sutikesi yokha, amayi amamuseka ku chitsime mpaka tsiku la maliro ake.

Poyamba ankati adzapita pa galimoto yomweyo, adzalowa m'mudzi hutala ikulira. Anayamba kudzaza matanki awiri aja pang'onopang'ono, kabotolo lero, kachigubu mwezi wamawa, ndipo Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi ankaliza injini, kupukuta paliponse, n'kuzimitsa. Koma njira ya ku Tete inali ya nkhondo, yozungulira ku Zambia inali yaitali, matayala a msinkhu umenewo kunalibe m'Bulawayo monse, ndipo amuna anga atafunsafunsa za msonkho wa pa malire anabwera atagwa nkhope. Galimoto inakhala pabwalo panga, ine ndikuyanika zovala mozungulira.

Ndiye anamwalira amalume. Sanali achibale enieni. Anali mnzawo wa bambo amene anatuluka naye m'mudzi tsiku limodzi, munthu wamtali ngati mlongoti, amene anathera moyo wake akuthira malasha m'sitima. Ife ochokera ku Nyasalande ndi anzathu a ku Chipata tinali ndi sosaite yathu ya maliro, yosonkha mwezi ndi mwezi kuti munthu wathu asaikidwe ngati galu kudziko la eni. Bokosi sosaite inagula. Koma inali nyengo imene mafuta anasowa m'dziko monse, galimoto zikugona pa mizere, ndipo mwini lole imene tinkabwereka anangotambasula manja. Wapampando wa sosaite, mkulu wina wa ku Ntcheu wa mawu ngati ng'oma, anaima pa siwa n'kunena monyinyirika kuti mwina tibwereke ngolo yokankha, ija anyamata amanyamulira makabichi ku msika. Mkazi wa malemu anadzigwetsa pansi.

"M'bale wanga sakwera ngolo ya makabichi," anatero bambo. "Petulo ndili naye."

Petulo ameneyo anali wa ulendo wa ku Dedza, ndipo aliyense pa siwapo ankadziwa.

M'mawa mwake amuna anazungulira galimoto ndi chingwe choyezera. Anachotsa mpando wakumbuyo, anaboola kuchokera ku buti, koma amalume anali aatali. Bokosi linkagunda kakhoma ka galasi, chikhatho chimodzi chikutsalira kunja. Amuna anga anati, "Bambo, izi n'zazing'ono. Tisiye buti yotsegula, timange ndi chingwe." Anali mawu anzeru, ndipo zikanatheka.

"Miyendo ili panja ngati mbuzi yopita ku butchala? Ayi, apongozi." Bambo anaika chikhatho pa galasi lija. "Chotsani ichi."

Anaitanitsa mmisiri wowotcherera wa ku Tshabalala, wobadwira konkuno ngati ine, wa Chichewa chothyokathyoka. Iye anayang'ana matabwa aja n'kukanda m'mutu. "Baba, kodwa chinthu ichi n'chabwino stereki. Mukutsimikiza?" Bambo anamulanda sowo n'kuyamba okha kucheka. Sindinaonepo nkhope yawo ikuwala choncho, ndipo linali tsiku la maliro a mnzawo. Mawaya anadulidwa, kakhoma kanatuluka zidutswazidutswa, galasi analitulutsa lathunthu amuna awiri n'kuliyedzamiritsa pa mpanda. Nanenso mtima unayera. Pakanapanda kukhala pa maliro ndikanaimba nthungululu.

Amalume anapita ku Luveve ngati nduna, makatani otseka, buti yotseka, bambo atavala jekete lawo la ntchito. Asilikali a pa msewu, amene masiku amenewo ankatsitsa anthu m'mabasi, anangosuzumira n'kutikodola kuti tidutse.

Kwathu ku lokeshoni chinthu sichigona pabwalo chopanda mwini, ndiponso amene wagwira ntchito ya pa maliro salipidwa, amangopatsidwa kanthu kosambira m'manja. Bambo anagawa zonse ndi mtima woyera. Galasi anapatsa wowotcherera uja. Timipando topinda tinapita kwa wapampando, timatebulo kwa mkazi wa amalume kuti azigulitsirapo tomato, ndipo kakabati ndinatenga ine n'kukapaka penti wabuluu kuti kagwirizane ndi khitchini yanga. Timatambula tinathera m'manja mwa ana. Mpando waukulu wansalu uja bambo anauika pansi pa mtengo wa mabulosi, ndipo ankakhalapo dzuwa likapendeka, miyendo itapingasa monga ankachitira bwana. Mvula inaunyowetsa, dzuwa linauwaula, nkhuku yanga inaikira mazira m'ngodya mwake.

Kuyambira pamenepo inakhala galimoto ya maliro ya anthu athu onse, Sizinda, Tshabalala, mpaka ku nyumba zatsopano za ku Nketa. Wowotcherera anaikamo matabwa ndi timapaipi togudubuzira bokosi. Maliro anali ambiri zaka zimenezo. Kunali chilala, ndipo kuchokera ku midzi kunkabwera anthu othawa asilikali, ongokhala chete, nkhani zawo zongonong'onezana. Bambo sankalipiritsa, sosaite inkangothira petulo. Amuna anayamba kuwavulira chipewa mumsewu, amayi kuwagwadira powapatsa moni. Ndinene chilungamo, imeneyo ndiyo nyengo yokhayo imene ndinawaona bambo akuyenda mutu uli m'mwamba. Ankatsokomola momasuka ali pa chiwongolero, ndipo ankati abwana amene akunyamula tsopano sadandaula.

Koma chifuwa chomezedwa zaka zambiri chija chinali chitadya m'kati. Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza magazi pa kampango kawo. Ku chipatala cha matenda opatsirana ku Thorngrove anawagoneka kwa kanthawi n'kuwapatsa mankhwala, koma dokotala ananditengera pambali n'kundiuza kuti mapapo atsala pang'ono, ndipo ngati pali ulendo woti ayende, ayende mvula isanagwe. Bambo sanafunikire wowauza. Titafika kunyumba anakhala pa mpando wawo pansi pa mtengo n'kunena kuti, "Mwananga, ndiperekeze kwathu. Tigulitse galimoto."

Wogula sitinamufune nthawi yaitali. Azungu amene ankachoka m'dziko sankaloledwa kutuluka ndi ndalama zambiri, ndiye ankazisandutsa katundu woti akagulitse ku Joni, makamaka galimoto zapamwamba zakale. Mmodzi wa iwo, bambo wonenepa wovala kabudula, amene anali ndi sitolo ya zitsulo m'tauni, anali atamva kwa anzake a bwana kuti galimoto ija inatsala kwa dalaivala, ndipo anakhala akuifunafuna. Anafika Loweruka masana. Moni weniweni sanatipatse, anangolunjika pa galimoto ngati munthu amene waona mwana wake wotayika. Anaisisita, anagwada kuyang'ana kunsi, anatsegula boneti n'kupukuta ndi chala kachitsulo kolembedwa manambala. Atatembenuka maso ake anali akuwala.

Anatiuza kuti galimoto za thupi limenelo zilipo zambiri ndithu, ku Joni zina zikungochita dzimbiri m'magalaja. Koma kachitsuloko kankasonyeza kuti iyi inatuluka m'fakitale ndi galasi lokwera lokha, kabati, timipando ndi zonse zija pamodzi, mwa kulamula kwa mwiniwake. Zoterezo zinapangidwa zowerengeka pa zala, ndipo iye sankakhulupirira kuti inanso inawolokapo Limpopo kubwera kuno. Anthu osonkhanitsa galimoto zakale, anatero, amalimbirana zimene fakitale inaika ndi manja ake, osati zoikamo pambuyo. Kenaka anatchula mtengo. Amuna anga anakhala pa ndowa imene inali pafupi. Inali nyumba yamalata ku Dedza, ng'ombe, ngolo, ulendo wa tonse, ndi zotsala zoti mlongo wa bambo adye mpaka imfa. Mtima wanga unadumpha kamodzi kokha ndi chimwemwe, kenaka ndinakumbukira penti wabuluu.

Makatani anali otseka monga mwa masiku onse. Mzungu anatsegula chitseko chakumbuyo.

Anaima nthawi yaitali mutu uli m'kati. M'menemo munali matabwa, timapaipi, nkhata ya maluwa apulasitiki yoiwalika pa maliro apitawo, ndi fungo limene ife tinali titalizolowera. Atatulutsa mutu anali atafiira mpaka m'makutu. "Zili kuti?" anafunsa m'Chingerezi. "Mwazichita chiyani?" Maso ake anayendayenda pabwalo mpaka anafika pansi pa mtengo, pamene bambo anakhala atafunda bulangeti, ndipo anazindikira chimene anakhalira. Anayenda pang'onopang'ono, anagwira nsalu yong'ambika ija, zitosi zili mbuu, n'kutukwana chapansipansi. Sankatukwana ife. Anali ngati munthu amene wapeza ngozi pa msewu.

Bambo Chingerezi ankachimva kuposa tonsefe, anachiphunzira masiku amene galasi linkakhala lotsika. Ndinangoona dzanja lawo likufufuza m'mphepete mwa mpando ngati akufuna pogwira.

Mzungu anati anyamuka kumapeto kwa mwezi. Mpando ungathe kukutidwanso nsalu, buti ingathe kutsekedwa, mtengo n'kungotsikako. Koma tikapeza galasi lija ndi zina zonse, adzabwera tikambirane.

Tinayamba kuyenda khomo ndi khomo, ine ndi amuna anga, kukaitanitsa mphatso zimene bambo anapereka pa maliro. Amene anakulira kwathu akudziwa manyazi ake. Mkazi wa amalume anachotsa tomato wake pa katebulo n'kutipatsa. Kanali zipsera za mpeni zokhazokha, ndipo kanzake anali atasonkhera moto m'nyengo yozizira. Wapampando anabweza kampando kamodzi nkhope ili gwa, kena anati sakudziwa kumene kanapita, n'kundifunsa kuti, "Ndiye mayi, ife a sosaite tizinyamulira chiyani? Mwatigulitsa eti?" Ndinawayankha mawu amene sindingalembe pano. Kakabati ndinakapala ndi mpeni ndi palafini mpaka zala zinatuluka magazi, ndipo penti anachoka pamodzi ndi mawanga a thabwa.

Kwa wowotcherera tinapita komalizira, chifukwa tonse tinkaopa. Tinamupeza akukonza geti la munthu. Atamva nkhani yathu anazimitsa moto n'kukweza chigoba cha kumaso. "Ah, sisi, ngiyaxolisa, pepani. Ndinafuna kulidula pakati kuti likwane pa windo la kuchipinda. Ndangolemba mzere ndi chodulira so, lonse phwaa! Silinasweke ngati galasi la anthu, linangosanduka mchere." Mkazi wake, poona kuti tizidutswato tikunyezimira, anatisakaniza ndi simenti pamene ankakonza khonde. Anatilozera monyadira, asanamvetse chimene tinabwerera. Ine ndinali nditaima pomwepo. Pansi pa nsapato zanga, m'polishi wofiira, nyumba ya bambo ya ku Dedza inkang'anima pa dzuwa. Ndinakhala pansi pa khonde la eni ake n'kulira ngati pa siwa.

Amuna anga sanafune kugonja. Anagula galasi la windo m'tauni, kalipentala wa ku tchalitchi anapanga kakhoma ka mapulanga n'kukapaka vanishi. Kunena zoona kanaoneka bwino, ndipo kwa masiku angapo tinadzinamiza. Mzungu atabweranso anangogogoda galasilo ndi chikhadabo. Sanaseke, ndipo ndimamuthokoza pa chimenecho. Anati fakitale inasiya kalekale kupanga galasi lokhota lija, ndipo ngakhale wina atasema lofanana nalo, anthu ake amadziwa kusiyanitsa. Chimene chatsala, anatero, ndi galimoto yakale ya maliro yobooka kumbuyo. Akanatha kugula injini yokha kuti ikathandize ina. Mtengo wake unali wongokwana sitima ya munthu mmodzi ndi womuperekeza, basi.

Ine ndinati titenge. Ndinakweza mawu pamaso pa mlendo. "Bambo, fodya wako ndi amene ali pamphuno! Tengani, ndikuperekezani ine, mukaone mlongo wanu."

"Ndikafike ndi chiyani?" anatero. "Ndi chifuwa? Mlongo wanga adyetse adzukulu ake, adyetsenso mtchona wobwera kudzafa? Ndiponso akachotsa injini, anzathuwa azipita pa ngolo ya makabichi." Anatembenukira kwa mzungu n'kumuthokoza m'Chingerezi chaulemu chija cha ku ntchito, kenaka anadzuka movutikira, bulangeti likukhwekhwereza pansi, kukamutsegulira chitseko cha galimoto yake. Chizolowezi chimenecho chinandipsetsa mtima kuposa china chilichonse tsiku limenelo. Kakhoma ka mapulanga amuna anga anakazula mzungu asanakhote pa ngodya ya msewu.

Mvula yoyamba inawapeza bambo ali ku Thorngrove kachiwiri. Masiku oyamba anamwino ankatiimika panja pa windo, poopa kuti tingatenge matenda, ndipo ndinkangoona milomo yawo ikuyenda. Atandilola kulowa, nditamanga kansalu pakamwa, ndinawafunsa funso limene linkandidya. "Bambo, mukanadziwa, mukanalichotsa?"

Mpweya unkalira m'chifuwa mwawo. "Ndikanalichotsa," anatero. "Koma ndikanalikulunga m'bulangeti n'kuliika kunsi kwa bedi." Anayamba kuseka, kusekako kunasanduka kutsokomola, kutsokomola kunasanduka kulira. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a amayi. "Ine ndimayesa chamtengo ndi injini imene ndinkaisamala," anatero. "Kani chamtengo chinali chonditsekera ine kunja." Mpaka lero ndikaona pa wailesi yakanema anthu ovala bwino akuzungulira galimoto zakale, akuyamikira kuti zonse m'katimo ndi za ku fakitale, mkwiyo umandigwira, ndipo sindidziwa bwinobwino woti ndimukwiyire.

Anamwalira chimanga cha kuseri kwa nyumba chili m'mawondo. Sosaite inagula bokosi. Wapampando yemwe uja anayendetsa mwambo, ndipo analira zenizeni potchula mudzi wa bambo ndi mfunda wawo kwa anthu amene ambiri sanapondeko ku Dedza. Amuna anga anavala jekete la bambo, limene linawathina m'mapewa, n'kugwira chiwongolero. Adzukulu atalowetsa bokosi kuchokera ku buti, linayenda pa timapaipi n'kuima, buti inatsekeka popanda vuto. Bambo anali aafupi. Pakati pa mutu wa bokosi ndi mpando wa dalaivala panatsala mpata waukulu, wokwana kakhoma, galasi, kabati ndi zonse. Ndinakhala mumpata umenewo, dzanja lili pa bokosi, mpaka ku Luveve.

Galimoto inanyamulabe anthu athu kwa zaka zingapo, mpaka inafa chitsulo china chimene palibe anachipeza, ndipo tinaikweza pa njerwa. Koma ulendo wa bambo unali usanathe. Mwambo wathu kuno ndi wakuti mtchona akaikidwa kudziko la eni, timatapa dothi la pamanda pake kuti likathiridwe kwawo. Ndinatapira m'kachitini ka polishi amene bambo ankapukutira galimoto, ndipo kanakhala m'kabati kopalidwa kaja miyezi yambiri kudikira munthu wa ulendo. Potsiriza mayi wina wa ku Chipata wogulitsa nsalu anavomera kudutsa nako mpaka ku Dedza kwa mlongo wa bambo. Ndinamufunsa kuti ndimupatse zingati za katundu. Anakayeza m'dzanja n'kumwetulira.

"Aka? Aka sikalipira, mayi," anatero, n'kukaika m'thumba la juzi.